Zimbale zitatu za Mayi Janet Baker: kuwunika kwa mphunzitsi wa kwaya wa ku Nkhotakota

Chimbale cha nyimbo za Edward Elgar, wopeka nyimbo wa ku England, chimene kampani ya EMI idajambula ku London mu Ogasiti 1965 chidatchuka chifukwa cha Jacqueline du Pré, mtsikana wa zaka 20 amene akuimba chida cha cello m'chigawo choyamba, ndipo ambiri mwa anthu ochigula amakhala akufuna iyeyo. Ine ndikuona kuti kwa ife amene timaphunzitsa makwaya m'mipingo ya kuno ku Nkhotakota, chuma chenicheni chili m'chigawo chachiwiri, momwe Mayi Janet Baker akuimba nyimbo zisanu zonena za nyanja, zotchedwa Sea Pictures. Chimbalechi ndikuchiwunika pamodzi ndi zina ziwiri za mayi omwewa: china chili ndi nyimbo za Gustav Mahler motsogozedwa ndi a John Barbirolli, ndipo china ndi sewero loimba la Henry Purcell lotchedwa Dido and Aeneas. Zonse zitatu zidajambulidwa pakati pa 1961 ndi 1969, pamene mawu a mayiwa adali pachimake, kotero kuti munthu amene wazimvetsera mofatsa akhoza kudziweruzira yekha ngati matamando amene akhala akulandira kwa zaka zoposa 60 ali owayeneradi.

Kupeza zimbalezi si kophweka. Munthu asayembekeze kuzipeza m'masitolo a pa boma pano kapena ku Salima, ndipo anyamata amene amakopera anthu nyimbo m'mamemore khadi pamsika amasunga za uzimu, za amapiano ndi za oimba athu a kuno, chifukwa n'zimene makasitomala awo amafunsa. Zanga adandibweretsera mbale wanga wogwira ntchito ku Johannesburg. Amene alibe njira yotere akhoza kuzimvera pa Spotify kapena pa YouTube, koma adziwe kuti kuyambira mu 2013 nyimbo zakale za EMI za mtundu uwu zili m'manja mwa Warner Classics, choncho chimbale cha Elgar ndi cha Mahler zimaoneka ndi dzina limeneli, pamene cha Purcell chimatulutsidwa ndi Decca. Chikuto chimasinthasintha malinga ndi chaka chimene adasindikizanso, koma zimene zili mkati n'zimodzimodzi, ndipo chofunika kuyang'ana ndi dzina la woimba, la mtsogoleri wa okestra ndi chaka chojambulira.

Mayi Baker adabadwa pa 21 Ogasiti 1933 ku Hatfield, m'chigawo cha Yorkshire kumpoto kwa England. Sadaphunzire ku sukulu yaikulu ya zoimbaimba. Adayamba akugwira ntchito ku banki ndi kuimba m'makwaya, kenako atasamukira ku London adaphunzira mwapadera kwa Helene Isepp ndi Meriel St Clair. Mu 1956 adakhala achiwiri pa mpikisano wokumbukira Kathleen Ferrier, woimba wa mawu otsika amene adamwalira mu 1953, ndipo chaka chomwecho adalowa m'kwaya ya opera (masewero oimba) ku Glyndebourne, nyumba ya opera ya kum'mwera kwa England. Kuchokera pamenepo ntchito yawo idayenda m'njira zitatu nthawi imodzi: masewero a opera, amene pafupifupi onse adawachitira ku Britain komweko, kuimba okha ndi piyano m'maholo, mothandizidwa ndi akatswiri monga Gerald Moore, Martin Isepp ndi Geoffrey Parsons, ndiponso kujambula zimbale. Wopeka nyimbo Benjamin Britten adawapekera nyimbo yawoyawo yotchedwa Phaedra, imene adaiimba koyamba ku chikondwerero cha Aldeburgh mu 1976, chaka chomwe adapatsidwanso ulemu wa Dame, umene ufumu wa Britain umapereka kwa amayi. Opera adaitsanzika mu Julayi 1982 ali ndi zaka 48 zokha, ataimba Orfeo wa Gluck ku Glyndebourne komwe adayambira, ndipo mu 1989 adasiyiratu kuimba pagulu. Kuyambira mu 1991 mpaka 2004 adali chansala wa yunivesite ya York.

Liwu lawo ndi la mezzo-soprano, lomwe limakhala pakati pa soprano ndi alto yozama, ndipo m'makwaya athu mayi wa liwu lotere timangomuika pa alto popanda kuganiza kawiri. Apa ndi pamene pali nkhani yanga. Tidazolowera kuti nyimbo ndi ya soprano, kuti tena ndi besi ndiwo amaikongoletsa, ndipo alto ntchito yake ndi kudzaza mpata. Mtsikana akalephera kufika pamwamba timamuuza kuti apite ku alto ngati kuti tikumutsitsa udindo. Zimbale zitatuzi zikuonetsa kuti liwu lapakati ndi limene lili pafupi kwambiri ndi momwe munthu amayankhulira, ndipo chifukwa cha ichi ndi limene lingathe kunyamula tanthauzo la ndakatulo bwino koposa ena onse, malinga ngati mwini wake waphunzira kusamala mpweya ndi katchulidwe. Mayi Baker sadali ndi liwu lalikulu koposa anzawo a nthawi imeneyo. Chimene adaposa nacho ambiri n'chakuti phatikizo lililonse limamveka, ndipo akatsitsa mawu mpaka pafupi ndi kunong'ona liwu silitaya thupi lake.

Ndiyambe ndi Elgar, chifukwa ndi chimbale chimene munthu wa kunyanja angachilowe msanga. Sea Pictures zidaimbidwa koyamba pa 5 Okutobala 1899 ku Norwich, woimba wake ali Clara Butt, mayi wamtali wa mawu ozama ndi amphamvu kwambiri, ndipo Elgar adazipeka akuganizira liwu lotero. Mayi Baker ali ndi liwu lopepukirapo, choncho akadayesa kupikisana ndi okestra ya London Symphony pa nkhani ya mphamvu akadagonja. M'malo mwake, iwo ndi a Barbirolli, amene akutsogoleranso okestra m'chimbalechi, adasankha kuti nyimbo yoyamba, Sea Slumber Song, momwe nyanja ikuyankhula ngati mayi wogoneka mwana, iyende pang'onopang'ono ndi mofewa, zeze ndi zida za nsambo zikuyendetsa mafunde pansi pa liwu. Pamene nyimbo ikutsikira ku manoti apansi, ambiri oimba amakankha mawu kuchokera pachifuwa kuti amveke aakulu, ndipo pamakhala kusweka pakati pa liwu lapamwamba ndi lapansi. Mayiwa amatsika popanda msoko uliwonse womveka. Aliyense amene adayesapo kuphunzitsa alto kudutsa pamalo amenewa osasintha mtundu wa liwu akudziwa kuti ndi ntchito ya zaka.

Nyimbo yachiwiri, In Haven, ndi yaifupi kwambiri, ya pafupifupi mphindi ziwiri zokha, ndipo mawu ake adalemba ndi Alice, mkazi wa Elgar. Yachitatu, Sabbath Morning at Sea, ndi ndakatulo ya Elizabeth Barrett Browning ya munthu amene Sabata lamupeza ali m'sitima pakati pa nyanja, kutali ndi anzake amene akupemphera kumtunda. Imeneyi ndi imene imamveka ngati nyimbo ya m'tchalitchi, ndipo anthu a kwaya amaikonda msanga, koma kwa ine ndakatulo yake ndi yolemera ndi yopindapinda, moti ngakhale munthu wodziwa Chingerezi bwino ayenera kuiwerenga kangapo asanamvetse chimene chikunenedwa. Mayi Baker amaipulumutsa poimanga pang'onopang'ono, osathira mphamvu zonse poyamba, kotero kuti pofika kumapeto, pamene zitoliro zamkuwa zalowa, amakhala akadali ndi kena kosungira.

Yachinayi, Where Corals Lie, ndiyo ndimabwererako kawirikawiri, ndipo ndikadakhala ndi mphindi zinayi zokha zotsimikizira munthu kuti mayiwa ndi katswiri ndikadamuyatsira imeneyi. Mawu ake ndi a Richard Garnett, ndipo akunena za munthu amene akumva kuitana kwa nyanja yakuya ngakhale wokondedwa wake akumugwira kuti asapite. Okestra imangogunda mopepuka, ndipo liwu limatsala poyera popanda pobisala. Pali malo pafupi ndi mapeto a ndime iliyonse pamene liwu limakwera n'kuima kanthawi, ndipo Mayi Baker amafika pamwambapo akuchepetsa mawu m'malo mokweza, kenako n'kutsika ndi mpweya womwewo. Kayendetsedwe kawo ka mpweya pamenepa kamandikumbutsa mayi wosenza ndowa yodzaza madzi kuchokera kudooko, amene thupi lonse likugwira ntchito koma pamwamba pa madzi sipakugwedezeka. Chomwe chimadabwitsa n'chakuti sakungoonetsa luso; kufewa kumeneko ndiko kukuuza womvera kuti munthu wa m'ndakatuloyo watsimikiza kale mumtima kuti apita, ndipo palibe chifukwa chokuwira.

Yomaliza, The Swimmer, ndi ya Adam Lindsay Gordon, mlakatuli amene adakhala ku Australia, ndipo ndi ya nyanja yokalipa. Ife amene timaona mwera ukuwinduka kuyambira mwezi wa Meyi mpaka Ogasiti, asodzi atakokera mabwato kumtunda kudikira kuti kuche bwino, sitifunika kutiuza kuti nyimboyi ikunena chiyani ngakhale tisanamve liwu limodzi la Chingerezi. Apa ndi pamene ndili ndi kadandaulo kakang'ono: m'malo ena okestra ya a Barbirolli imakula mpaka kutsala pang'ono kumiza woimba, ndipo zimamveka kuti nyimboyi idasokedwera liwu lokulirapo. Komabe mayiwa amatuluka pamwamba pa phokosolo ndi noti yokwera ya kumapeto imene ili yowala ndi yokhazikika.

Za chigawo choyamba ndinene mwachidule, chifukwa ena adazinena kale mokwanira. Cello Concerto ya Elgar idaimbidwa koyamba mu 1919, ndipo a Barbirolli, ali mnyamata wa zaka 19, adali m'gulu la oimba cello m'okestra ya tsiku limenelo, choncho pofika mu 1965 adali ataidziwa nyimboyi kwa zaka 46. Du Pré amaiimba ndi moto wa unyamata, ndipo nkhani ya moyo wake, yakuti adasiya kuimba mu 1973 chifukwa cha matenda a mitsempha n'kumwalira mu 1987 ali ndi zaka 42, imachititsa ambiri kuimva ndi misozi. Ndi kuimba kwabwino zedi. Koma ndikamva zigawo ziwirizi motsatizana, ndimaona kuti du Pré amakuuza zonse zimene akumva nthawi yomweyo, pamene Mayi Baker amasunga zina, ndipo chosungidwacho ndicho chimakubweza kuti udzamvetserenso.

Chimbale cha Mahler ndicho chachikulu pa zitatuzi, ndipo ndicho chovuta kuchilowa. Muli magulu atatu a nyimbo, zonse m'Chijeremani: Lieder eines fahrenden Gesellen ndi Kindertotenlieder, zojambulidwa mu 1967 ndi okestra ya Hallé ya ku Manchester, komanso Rückert-Lieder, zojambulidwa mu 1969 ndi New Philharmonia, kutangotsala chaka chimodzi kuti a Barbirolli amwalire mu Julayi 1970. Gulu loyamba ndi nyimbo zinayi za mnyamata amene wokondedwa wake wakwatiwa ndi wina, mawu ake adalemba ndi Mahler yemwe, ndipo mayiwa amaziimba bwino, ngakhale ine ndimazikonda kwambiri zikamaimbidwa ndi mwamuna. Sindikhalitsapo.

Kindertotenlieder ndi nyimbo zisanu za imfa ya ana. Mlakatuli Friedrich Rückert adataya ana ake awiri motsatizana kumapeto kwa 1833 ndi kumayambiriro kwa 1834, ndipo m'chisoni chakecho adalemba ndakatulo 428. Mahler adasankhamo zisanu n'kuzipekera nyimbo pakati pa 1901 ndi 1904, zidaimbidwa koyamba ku Vienna mu Januwale 1905, ndipo mu 1907 mwana wake wamkazi Maria adamwalira ali ndi zaka zinayi. Mayi Baker nawo adataya mchimwene wawo wamkulu iwo ali ndi zaka 10. Sindikunena kuti munthu ayenera kuferedwa kuti aimbe bwino nyimbo za maliro, koma pali kudziletsa kwina m'kaimbidwe kawo kumene sikuchokera m'buku la manoti.

Kuno kwathu maliro ndi a mudzi wonse. Amayi amagona m'nyumba ya siwa akuimba usiku wonse, amuna ali pamoto panja, makwaya akusinthana, ndipo nyimbo zathu za pamaliro zidapangidwa kuti zinyamule woferedwa pamodzi ndi gulu. Nyimbo za Mahler zimayambira pamene zathu zathera: m'mawa wake, anthu atabalalika, bambo atatsala yekha. Yoyamba ikunena kuti dzuwa likutuluka mowala ngati kuti usikuwo sipadachitike kanthu, ndipo imayamba ndi zitoliro ziwiri zokha zikuyenda motalikirana, kenako liwu limalowa lopanda zokometsera, pafupifupi lozizira. Mayi Baker salira pamenepa. Amaimba ngati munthu amene misozi yatha, ndipo kutentha kumabwera pang'onopang'ono pamene ndakatulo yatembenukira ku kuwala. Yachitatu ndi imene imalasa kwambiri: bambo akunena kuti mayi wa mwanayo akamalowa pakhomo, maso ake sayang'ana nkhope ya mayiyo koma amagwera m'munsi, pafupi ndi chiwundo cha khomo, pamene pakadaonekera nkhope ya mwana akulowa limodzi ndi amake. Nyimboyi imayenda mwa kayendedwe ka mapazi, ndipo mayiwa amaisunga yosalala mpaka pa mzere umodzi pamene liwu limatseguka mwadzidzidzi ndi kubwereranso. Yachinayi ndi ya kudzinamiza, kholo likudziuza kuti anawo angopita kukayenda ndipo abwera posachedwa; woimba wosasamala amaisandutsa yosangalatsa, koma pano kumwetulira kwake kumamveka kuti n'kokakamiza. Yachisanu ndi ya mkuntho, kholo likudandaula kuti nyengo yotere silikadawalola ana kutuluka, ndipo imathera m'nyimbo yogonekera mwana, yonena kuti akupuma ngati m'nyumba ya amayi awo. Mahler adapempha kuti zisanuzi ziimbidwe popanda kuwomba m'manja pakati, ndipo womvera kunyumba achite chimodzimodzi, asadumphe kapena kusakaniza ndi zina.

Pa Rückert-Lieder, nyimbo yotchedwa Ich bin der Welt abhanden gekommen, ya munthu amene wadzipatula ku phokoso la dziko n'kukhala yekha m'chikondi chake ndi m'nyimbo yake, ndi imene ambiri amaitcha pachimake pa ntchito yonse ya Mayi Baker, ndipo sindikutsutsa. A Barbirolli amaiyendetsa pang'onopang'ono kwambiri, moti woimba wina akadatha mpweya pakati pa mzere, koma mayiwa amalowa mofewa kwambiri kotero kuti nthawi zina sudziwa pamene chitoliro chathera ndi pamene liwu layambira. Ina yotchedwa Um Mitternacht ilibe mavayolini ndi zida zina zokwecha, ndipo imathera ndi zitoliro zamkuwa ndi ng'oma pamene woimba akupereka zonse m'manja mwa Mulungu. Apa ndi pamene munthu amamva kuti liwu lofewa lija lili ndi chitsulo mkati.

Chimbalechi chili ndi zofooka zake, ndipo wogula azidziwe. Kuchedwa kwa a Barbirolli, kumene kumathandiza m'nyimbo zina, kumalemetsa zina zimene zimafuna kuyenda, makamaka m'gulu loyamba lija, pamene mnyamata akuyenda m'munda m'mawa ndipo nyimbo iyenera kukhala ndi mapazi opepuka. Okestra ya Hallé ya nthawi imeneyo siyosalala ngati maokestra aakulu a ku Berlin kapena Amsterdam, ndipo pena ndi pena zitoliro sizilowa pamodzi ndendende. Vuto lalikulu kwa ife ndi chiyankhulo. Popanda kudziwa zimene ndakatulo ikunena, theka la luso la mayiwa limatayika, chifukwa mtundu wa liwu amausintha motsatira mawu. Amene akugula chimbale chenicheni aonetsetse kuti kabuku ka mkati kali ndi mawu a nyimbo ndi kumasulira kwake m'Chingerezi, popeza makope ena otsika mtengo amangoika mayina a nyimbo okha. Amene akumvera pa intaneti afunefune mawuwo padera asanayambe.

Dido and Aeneas ndi chimbale chakale koposa pa zitatuzi, chojambulidwa mu 1961 pansi pa dzina la L'Oiseau-Lyre, motsogozedwa ndi a Anthony Lewis ndi English Chamber Orchestra, Mayi Baker asanakwanitse n'komwe zaka 30. Purcell, amene adamwalira mu 1695 ali ndi zaka 36, adapeka seweroli pa mawu a Nahum Tate, ndipo zimadziwika kuti lidaseweredwa pa sukulu ya atsikana ku Chelsea cha m'ma 1689. Lonse silikwana n'komwe ola limodzi. Nkhani yake ikuchitikira mu Africa muno, ku Carthage, m'dziko limene lero ndi Tunisia: mfumukazi Dido yakondana ndi Aeneas, mlendo wothawa nkhondo ya ku Troy, koma afiti amunyenga mlendoyo kuti milungu ikumulamula kupitiriza ulendo, ndipo mfumukaziyo imafa ndi chisoni. Nkhani ya mlendo wobwera pamadzi, afiti ndi mkazi wosiyidwa siyachilendo kwa womvera wa kuno, ndipo popeza ili m'Chingerezi chosavuta, ndi khomo labwino kwa munthu amene sadamverepo opera.

Kwa mphunzitsi wa kwaya, phunziro lalikulu lili m'nyimbo yomaliza ya Dido. Besi imatsika masitepe ang'onoang'ono m'mabara (timagawo ta nyimbo) asanu, ndipo kachigawo komweko kamabwerezedwa maulendo 11 osasintha, pamene liwu likuyenda pamwamba pake momasuka, nthawi zina kuyamba mzere besi isanathe ulendo wake. Dido akupempha mnzake Belinda kuti amukumbukire iye koma aiwale tsoka lake. Pempho lakuti amukumbukire limabwerezedwa pa noti imodzi kenako limakwera, ndipo Mayi Baker salibwereza mofanana: poyamba ndi pempho, kenako ndi lamulo la mfumukazi, kenako mphamvu zatha. Izi ndi zimene timalephera m'makwaya athu tikamabwereza kolasi katatu ndi mphamvu yofanana ndi nkhope yofanana. Ndikulangiza aphunzitsi anzanga kuti ayatsire oimba awo nyimbo imeneyi ndi kuwafunsa kuti anene chimene chasintha pa kubwereza kulikonse, asanawauze kalikonse za manoti.

Ena onse m'chimbalechi safika pa msinkhu wa mayiwa. Patricia Clark ndi Belinda wowala ndi wokoma, Raimund Herincx amachita zimene angathe ndi gawo la Aeneas, lomwe Purcell sadalipatse nyimbo yaikulu, koma Monica Sinclair, amene ndi mkulu wa afiti, amapotoza mawu mwadala kuti aopse, ndipo kwaya ya afiti imaseka mokokomeza moti pomvera kachiwiri zimayamba kutopetsa. Kaimbidwe ka okestra nako ndi ka nthawi yake, kolemerako poyerekeza ndi magulu a masiku ano amene amagwiritsa ntchito zida zakale ndi kuyenda mofulumira. Pali kaphokoso ka tepi kamene kamamveka m'malo a chete, makamaka pa mahedifoni, koma khutu limakazolowera msanga.

Ndinenepo za chomvetsera, chifukwa chikhoza kuwononga zonse zimene ndatamanda. Zimbalezi zili ndi kusiyana kwakukulu pakati pa malo ofewa ndi malo amphamvu, mosiyana ndi nyimbo za pa wailesi zimene zimakhala pa mlingo umodzi kuyambira poyamba mpaka pomaliza. Pa sipika ya foni, kapena pa timasipika ta Bluetooth tomwe tidapangidwira kugunda kwa besi, malo ofewa a Where Corals Lie ndi a Mahler amasowa, ndipo munthu akakweza voliyumu kuti awamve, malo amphamvu amabwera akung'amba. Mahedifoni wamba a waya amachita bwino kuposa sipika yodula ya mtundu umenewo. Nthawi yabwino ndi usiku kapena m'mamawa, njinga zamoto za kabaza zisanayambe kudutsa, ndipo amene akugwiritsa ntchito bandulo achite bwino kutsitsiratu nyimbozo m'foni kuti netiweki isadule mzere pakati.

Kodi matamando a mayiwa ndi oyenera onse? Pa zimbale zitatuzi ndikuti inde, koma sindingatero pa ntchito yawo yonse. M'zojambula zina za m'ma 1980, monga Julius Caesar wa Handel amene adajambula m'Chingerezi ndi a Charles Mackerras mu 1984, khutu langa limamva kuti liwu lauma pang'ono pamwamba, ndipo chizolowezi chawo chosamala liwu lililonse chimafika nthawi zina poti mzere umataya kuyenda kwake kwachibadwa, ngati kuti akutiphunzitsa m'malo motiimbira. Pali anthu amene sakonda kudziletsa kwawo ndipo amafuna moto wa oimba a ku Italy, ndipo amenewo sadzasintha maganizo chifukwa cha zimene ndalemba pano. Koma m'zaka za m'ma 1960 nzeru ndi liwu zidali zolingana, palibe chimene chinkaposa chinzake, ndipo n'chifukwa chake ndasankha zimbale za nthawi imeneyo.

Amene ali ndi ndalama ya chimbale chimodzi agule cha Elgar, chifukwa akupeza akatswiri awiri nthawi imodzi, chili m'Chingerezi, ndipo nyimbo zake sizifuna kukonzekera kwambiri. Mphunzitsi wa kwaya ayambe ndi Purcell. Cha Mahler chibwere pambuyo, munthu atazolowera liwu la mayiwa ndiponso atapeza mawu omasuliridwa, ndipo sindingachipereke kwa munthu amene wangoika kumene mwana m'manda. Zitatuzi sizikuonetsa mbali ya kuimba ndi piyano yokha, imene idali gawo lalikulu la ntchito yawo; amene akuifuna ayang'ane chimbale cha nyimbo za Schubert chimene adajambula ndi Graham Johnson mu 1987, choyamba pa mndandanda wa zimbale za Schubert wa kampani ya Hyperion. Mulibenso gawo la Mngelo mu The Dream of Gerontius ya Elgar, limene adajambula ndi a Barbirolli ndi okestra ya Hallé mu 1964, ndipo limeneli limagulitsidwa palokha pa zimbale ziwiri.